Mapu a Zaka Zinayi Zapitazo

Magetsi atayaka cha m'ma teni koloko
ndinakhoma nsalu yoyera pakhoma la kalasi yathu ku Sirajganj,
pulojekita n'kuyamba kupuma ngati wodwala chifuwa.
Dziko lonse linatulukira pansalupo,
lobulungira, lomvera chala changa.

Ophunzira makumi anayi ndi atatu,
ena ndevu zinamera kale, wina anasiya khanda kunyumba.
Ndinati, Tuhin, tatilozera Nepal.
Tuhin, amene amakhalira panjinga yamoto usiku wonse
kuperekera anthu zakudya, kutsatira kadontho ka pafoni,
analoza pakati pa nyanja.
Kalasi yonse inafa nacho chiseko.
Ndinafunsa kumpoto, Rokon analoza kudenga.
Ndinafunsa kumene Jamuna amachokera,
wina kumbuyo anati, "Kumlatho, aphunzitsi."

Ndisaname, mtima unandipsa.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikumeza fumbi la choko,
makalata asanu ndi anayi opempha makinawa,
lero afika, koma ana anga sadziwa ngakhale khomo la mnansi.
Ndinakalipa za malire,
za manyazi a munthu wosadziwa pamene waima.

Shiuli sanaseke nawo.
Wa pabenchi yachitatu, wa mpango wotuwa uja,
amene chaka chonse mawu ake anali "ndilipo" basi.
Anaimirira. "Kodi makinawa amatsika mpaka pansi?"
Ndinamupatsa mausi. Dzanja linkanjenjemera.

Anatsika.
Mtsinje unatambasuka ngati mizu ya mtengo wozulidwa,
zisumbu zamchenga, minda ya mpiru,
kanjira kowonda ngati ulusi.
Anaima pa kadenga ka malata, pambali pa nthochi zitatu.
"Apa ndi kwathu.
Ili ndi khola la mbuzi.
Koyera aka mwina ndi nsalu ya amayi ili padzuwa."

Ndinati, mwaona? Mnzanu akudziwa kwawo.
Iye anapukusa mutu.
"Kulibeko, aphunzitsi. Mtsinje unadya,
usiku umodzi wokha, kuyambira kunthochi.
Pamenepa panopa pamadutsa maboti."

Ndinasuzumira pakona pa chithunzicho:
deti la zaka zinayi zapitazo.
Mbuzi zimenezo zinagulitsidwa kalekale.
Nsaluyo ikadali padzuwa, sikuuma.

Zii m'kalasi, kupatula chifuwa cha pulojekita.
Kenako Rokon, chapansipansi: "Tikaoneko kwathunso."
Anandandalika pamzere ngati kuchipatala.
Khumi ndi mmodzi anapeza nyumba zimene kulibe,
mmodzi anapeza sukulu yake ya pulayimale,
wina manda a bambo ake, sananene kanthu, anangobwerera pampando.

Tuhin anatenga cholembera changa chofiira osapempha
n'kuyamba kulemba pansalu yeniyeniyo.
"Gombe lafika apa tsopano.
Msewu uwu umamira poyamba, uwu umatsatira pakapita masiku awiri.
Foni imandiuza kuti ndikhote, ine ndimaikana."
Shiuli anamukonza pang'ono chakum'mawa.
Anakangana. Ndinawasiya.
Ndinakhala pabenchi yachitatu, mawondo akugunda desiki.

Isanakwane thwelofu magetsi anathima.
Dziko linazimirira,
pansalu panangotsala mizere yofiira
yokhotakhota, ina yofufutidwa ndi malovu,
nsalu ya mkazi wanga imene ndinalonjeza kubweza ili yoyera.

Mumdima wotenthawo Shiuli anafunsa,
"Nanga madzi onsewa amachokera kuti?"

Ndinaimirira, ndinaika chala pamzere wa Tuhin,
ndinakwera nawo mpaka nsalu inatha,
ndinapitirira pakhoma lopanda kanthu, kudutsa msomali wa kalendala,
ndinakwera pampando, mafupa akudandaula,
mpaka pamene pulasitala anasweka pafupi ndi denga.
Kuno kuli mapiri, ndinatero, ndi madzi oundana.

Rokon anaseka yekha.
"Ndiye kumpoto kuja sindinalakwe kwenikweni."
Palibe anatuluka belu litalira.
Wina kumbuyo anafunsa ngati kumapiriko kuli anthu,
ndiponso ngati akudziwa za ife.